Agogo anu mulibemo m'kalembera wa atsamunda

Masiku ano kwabuka chidwi chofuna kudziwa kumene tinachokera, ndipo n'chabwino. Mabanja ambiri a ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 muno mu Lilongwe ali ndi gulu la pa WhatsApp la pachibale, ndipo msonkhano wa mbumba yonse ukayandikira, pamapezeka mmodzi wophunzira amene amamusenzetsa ntchito yolemba mbiri ya banja. Mwina ndinuyo. Mwina mwana wanu amene ali ku Manchester kapena ku Indiana waona anzake achizungu akutsegula webusaiti ya Ancestry n'kupeza dzina la agogo a agogo awo, msewu umene ankakhala ndi ntchito imene ankagwira, ndiye waimba foni kuti, "Adadi, nafenso tifufuze m'kalembera wa 1931." Musanalipire kalikonse, m'bale wanga, ndimvereni kaye.

Anzake a mwana wanuyo sakunama. Ku England boma limasunga mapepala a kalembera mwachinsinsi kwa zaka 100 kenako n'kuwatsegulira aliyense, ndipo a 1921 anatsegulidwa mu Januwale 2022. Ku America amadikira zaka 72, moti a 1950 anatuluka mu Epulo 2022. Pa mapepala amenewo pali dzina la munthu aliyense wa m'nyumba, zaka zake, kumene anabadwira ndi ntchito yake. Msampha uli poganiza kuti popeza Nyasaland ankailamulira Angerezi omwewo, ndiye kuti makolo athunso analembedwa chimodzimodzi. Sizinali choncho. Wosadziwa zimenezi amataya ndalama kufunafuna dzina limene kulibe, ndipo akatopa amatembenukira ku manambala a nthawiyo n'kuwameza osatafuna.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1911 boma la atsamunda ku Zomba linalengeza kuti m'dziko muno muli Azungu 766, Amwenye 481 ndi anthu akuda 969,183. Nambala yomalizayo mukaiona mungati munthu anayenda khomo ndi khomo mpaka kukafika pa 3 wakumapetoyo. Palibe anayenda. Amene anawerengedwa mmodzimmodzi ndi Azungu ndi Amwenye. Kwa ife anangotenga mabuku a msonkho wa nyumba, n'kuona nyumba zimene zakhoma, n'kuchulukitsa ndi nambala imene iwo ankaganiza kuti ndi ya anthu ogona m'nyumba imodzi. Mu 1921, 1926 ndi 1931 anakonzako pang'ono, koma ankatengabe chiwerengero cha mudzi wonse pamodzi, osati munthu payekha ndi dzina lake. Zotsatira zake zikudziulula zokha: anthu pafupifupi 1.2 miliyoni mu 1921, 1.3 miliyoni mu 1926, kenako 1.6 miliyoni mu 1931. Anthu 300,000 owonjezera m'zaka zisanu zokha, pa nthawi imene malungo, nthomba ndi chikuku zinkatenga ana ochuluka asanayambe n'komwe kuyenda? Ena analidi obwera kumene kuchokera ku Mozambique, koma ena anali anthu oti analipo kale, kungoti poyambapo sanawerengedwe. Robert Kuczynski, katswiri wa ku Germany amene anathawira ku London nthawi ya Hitler, anasanthula ziwerengero zimenezi m'buku lake lalikulu lonena za maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo gawo lokhudza Nyasaland linatuluka mu 1949, iye atamwalira kale. Kalembera wa 1945 anapeza anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni. Dziko litayamba kudzilamulira, kalembera wa 1966, woyamba kuwerenga Mmalawi aliyense payekha, anapeza 4,039,583. Kuwirikiza pafupifupi kawiri m'zaka 21 zokha kunatsimikizira zimene akatswiri ankakayikira kale, zoti ziwerengero za atsamunda zinali zoperewera.

Tiime pamene panalakwikapo, chifukwa inunso mungagwere pomwepo. Masamu a ku Zomba analibe vuto lalikulu. Zinthu zinasokonekera pabwalo la mfumu, chifukwa boma limene linkabwera kudzawerenga anthu linali lomwelo lobwera kudzatolera msonkho. Msonkhowu unayamba m'zaka za m'ma 1890 pansi pa Harry Johnston, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unali mashilini 6 pa nyumba, koma wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu ankakhoma theka. Wolephera kukhoma ankamuwotchera nyumba, pena kumugwirira mkazi mpaka ndalama ipezeke. Mwamuna wa mitala ankakhomera nyumba ya mkazi aliyense.

Ndiye taganizani kuti ndinu nyakwawa ya mudzi wina kwa Kabudula kapena kwa Chadza. Mesenjala wa ku boma la Lilongwe wafika, kalaliki wakhala pampando n'kutsegula buku pabondo, akufunsa kuti m'mudzi muno muli amuna angati. Mphwanu wakabisala kudambo chifukwa chiphaso cha chaka chino alibe. Mdzukulu wanu wayamba kumera ndevu, koma mukufuna apume chaka china asanalowe m'buku. Mkamwini wina anapita ku Halale, ndipo mukamutchula, mkazi wake ndiye aone zakuda. Mungatchule onse? Makolo athu sanali opusa. Ankadziwa kuti kulembedwa n'kudziitanira ngongole, ndipo ankachepetsa nambala mwadala kuti apulumutse anthu awo. Kalaliki ankalemba zimene wauzidwa, bwana DC n'kusayina, lipoti n'kusindikizidwa bwinobwino. Lero mdzukulu wa nyakwawa yomweyo, ali ndi madigiri awiri ndi ofesi ku City Centre, akutenga nambala ija n'kuiika m'lipoti lake ngati choonadi chosatsutsika, pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti ndi yotayipidwa m'Chingerezi ndipo ndi yakale.

Zaka za anthu ndiye musanene. Alembi a nthawiyo ankangogawa anthu m'magulu akuluakulu poyang'ana thupi: uyu ndi mwana, uyu wafika pokhoma msonkho, uyu wakalamba. Lamulo la 1904 lolembetsa ana obadwa ndi anthu omwalira linkakakamiza anthu amene sanali akuda okha. N'chifukwa chake banja la Amwenye limene lakhala ndi sitolo ku Area 2 kuyambira kale likhoza kupeza chikalata cha kubadwa kwa agogo awo, pamene banja la mlimi amene ankagula nsalu m'sitolomo silingachipeze. Kulembetsa mwana aliyense kunakhala kokakamiza kudzera m'lamulo la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015. Ngakhale pa kalembera wa masiku ano, zaka za okalamba zimaunjikana pa manambala othera ndi 0 ndi 5, chifukwa agogo akafunsidwa amangoti mwina 70, wolemba n'kulemba 70.

Palinso amene sanali pamudzi n'komwe. Komiti ya boma imene inafufuza za anthu opita kukagwira ntchito kunja mu 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali ku Joni, ku Halale ndi kwina. Ena ankabwerako ndi njinga ndi sutikesi, ena n'kukhala matchona mpaka kufera komweko. Chitsanzo chili pafupi, pa manda aakulu aja a Kamuzu Banda pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Kamuzu Banda anachoka kwawo ku Kasungu ali mnyamata cha m'ma 1915, ndipo anabwera kudzakhazikika pa 6 Julaye 1958. Pa kalembera wa 1921, wa 1926, wa 1931 ndi wa 1945 munthuyo kunalibe kuno. Boma lake linkati anabadwa pa 14 Meyi 1906, koma ofufuza mbiri, kuphatikizapo Philip Short amene analemba buku la moyo wake mu 1974, anapeza kuti chaka chomveka ndi cha m'ma 1898. Ngati chaka chobadwa cha mtsogoleri amene analamulira dziko zaka 30 chinasiyana ndi zaka 8, inu mukuganiza kuti deti la agogo anu a kwa Mazengera lili m'kabati ya ndani?

Mwina mukuti zimenezo n'za atsamunda, za masiku ano zili bwino. Zili bwinodi kwambiri, ndipo ofesi ya National Statistical Office ku Zomba yachititsa kalembera mu 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018 pogwiritsa ntchito njira zovomerezeka padziko lonse. Koma nambala yolondola nayonso imasocheretsa munthu wosafunsa. Onani za mzinda wathu uno. Mu 1966 Lilongwe anali ndi anthu 19,425. Mu 1977 anali 98,718, ndipo mu 2018 anali 989,318. Wophunzira waulesi amatenga manambala awiri oyambawo n'kunena kuti anthu anachulukana kasanu m'zaka 11. Waiwala kuti Lilongwe wa 1966 anali katauni kozungulira mlatho, msika, boma ndi nyumba za Azungu za ku Area 3, pamene wa 1977 anali likulu la dziko, malire ake atafutukuka n'kumeza midzi yambiri. Anthu anabweradi ochuluka, makamaka likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, koma ena sanasunthe phazi, malire ndiwo anawapeza. Akuyerekeza malo awiri osiyana amene angofanana dzina.

Chimodzimodzi kalembera wa 1987, amene anapeza anthu 7,988,507. M'kati mwa nambala imeneyi munali othawa nkhondo a ku Mozambique, amene pofika 1992 anali ataposa 1 miliyoni. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, ndipo kalembera wa 1998 anapeza 9,933,868, kucheperapo pa zimene ambiri ankayembekezera. Boma la Nsanje linapezeka ndi anthu ochepa mu 1998 kuyerekeza ndi 1987. Wosadziwa mbiriyi anganene kuti ku Nsanje anthu anasiya kubereka kapena anatha ndi matenda, chonsecho alendo anangopita kwawo.

Ndipo kumbukirani zija za nyakwawa yobisa anthu, chifukwa zinadzatembenuka. Boma litayamba kugawa mbewu ndi feteleza waulere wa Starter Pack mu 1998, m'kaundula wa olandira munapezeka mabanja ochuluka kuposa amene kalembera wa chaka chomwecho anapeza kumidzi. Kafukufuku wina wa mu 2000 anayerekeza kuti kumidzi kuli anthu pafupifupi 11.5 miliyoni, pamene kalembera ankati 8.5 miliyoni, ndipo mkangano wake unatenga nthawi. Kenako kunabwera makuponi a feteleza, ndipo nonse munamva za midzi yongopeka. Pa msonkho anthu ankachepa, pa makuponi akuchuluka. Choncho mndandanda uliwonse wa anthu umene mwaugwira m'manja, kaya ndi wa 1931 kaya wa chaka chatha, ufunseni mafunso awa musanaukhulupirire: analemba ndani, ankafuna chiyani, ndipo wolembedwayo akanataya chiyani kapena kupindula chiyani ponena zoona?

Tibwerere ku mbiri ya banja ija mwapatsidwa. Pali zizindikiro zimene mukaziona muyenera kubweza dzanja m'thumba. Munthu akakuuzani kuti ali ndi mnzake ku Zomba amene angakutulutsireni pepala la kalembera lokhala ndi maina a m'nyumba ya agogo anu, bola mutumize kangachepe pa foni, dziwani kuti akukuberani kapena akukulowetsani m'mlandu. Za nthawi ya atsamunda maina ake mulibe. Za kuyambira 1966 ndi zachinsinsi mwalamulo, ndipo lamulo la zowerengera la 2013 limaletsa kuulula zimene munthu anayankha. Alembi amachita kulumbira. Ngakhale zimene ofufuza a m'mayunivesite amapatsidwa, monga zimene zimasungidwa ndi IPUMS ku University of Minnesota, amayamba achotsamo maina onse.

Chenjeraninso ndi pepala limene likupereka tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa cha munthu wa kumudzi wa m'ma 1890 kapena 1910, popanda kunena kuti zachokera m'buku liti la mpingo uti. Kulondola kopitirira muyeso kumeneko n'chizindikiro chakuti wina wapeka. Pa intaneti pali mizere ya makolo imene anthu amangokopera kwa anzawo, ndipo bodza likakopedwa kakhumi limaoneka ngati lili ndi mboni khumi.

Koma msampha umene wagwira ambiri ndi wa dzina lofanana. Mwalemba "John Phiri, Nyasaland" pa kompyuta, patuluka munthu wa dzina lomwelo amene anagwira ntchito ku mgodi kapena analowa usilikali wa King's African Rifles, ndipo mtima wanu wadumpha. Kodi mukudziwa kuti a John Phiri analipo angati? Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe ndi mifunda, ndipo eni ake ndi miyandamiyanda kuyambira ku Kasungu mpaka ku Tete ndi ku Chipata. Komanso munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, lina la kuchinamwali kapena kudambwe, lina la ubatizo, ndi linanso limene kapitawo wa ku mgodi anamupatsa chifukwa lenilenilo linkamuvuta kutchula. Ena ankapita ku Joni ndi chitupa cha mbale wawo. Amayi ndiye ambiri ankangodziwika kuti Nabanda kapena Naphiri. Mawebusaiti amenewa anapangidwira anthu amene dzina la bambo limatsika mzere umodzi kwa zaka mazana, pamene kwa Achewa mbumba, munda ndi ufumu zimayenda kuchikazi. Mukatsatira dzina la bambo lokha, mudzalemba mbiri yokongola ya anthu amene pamudzi panu anali akamwini, n'kusiya eni mudzi.

Maina a malo nawonso asintha. Mchinji anali Fort Manning, Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, ndipo dera lino m'mapepala oyambirira linkatchedwa Central Angoniland. Midzi imene inali pamene lero pali Capital Hill, City Centre ndi ma Area atsopano inasamutsidwa bungwe la Capital City Development Corporation litayamba ntchito yomanga likulu kuyambira 1968. Mudzi wa dzina lomwelo mukhoza kuupeza lero pamalo ena, pansi pa mfumu yaikulu ina.

Mwina mukuti, nanga ndikalakwitsa pang'ono pali vuto lanji, si nkhani yongosangalatsa ana? Ayi ndithu. Kabuku kamene mudzasindikize ku Old Town n'kugawa pa msonkhano wa banja kadzakhala ndi moyo wautali kuposa inu. Chaka chimene mwapeka chidzasemedwa pa chiliza. Nthambi ya azakhali imene mwaidumpha chifukwa sinapezeke pa intaneti idzauzidwa tsiku lina kuti si ya pano. Milandu ya ufumu ndi ya malo yadzaza m'makhoti athu, ndipo pa milandu yotere munthu amatulutsa pepala lililonse limene lingamuthandize. Mdzukulu wina adzanyamula kabuku kanuko n'kunena kuti analemba ndi amalume ophunzira a ku Area 10, ndipo panthawiyo okalamba amene akanatsutsa adzakhala atapita. Mukufuna dzina lanu lidzatchulidwe pa mkangano wotero?

Sindikuti musiye kufufuza. Malipoti a kalembera ndi othandiza pa ntchito yake: amakuuzani kukula kwa dera la mfumu yanu, kuchuluka kwa amuna amene anali kunja, zinenero zimene zinkalankhulidwa, ndi mmene sukulu zinafalikira. Amenewo ndi malo amene agogo anu ankakhalamo, ndipo mbiri yopanda zimenezi imakhala yowuma. Koma maina ali kwina. Ali m'mabuku a ubatizo ndi ukwati a mipingo, monga ku Nkhoma kumene amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikika mu 1896 atayambira ku Mvera mu 1889, ndi ku Likuni kumene ansembe a White Fathers anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ali m'mabuku a sukulu za mishoni, m'mapepala a usilikali, ndi m'makaundula a Wenela ndi Theba, mabungwe olemba anthu ntchito za ku migodi ya ku South Africa. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi, ngakhale kuti moto umene unawotcha likulu la boma mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira. Ndipo mukapeza dzina m'buku la mpingo, musathamange. Deti limene lili pamenepo kawirikawiri ndi la ubatizo, ndipo ambiri ankabatizidwa ali akuluakulu atatha zaka zingapo m'kalasi. Ma DC nawonso ankalemba zimene anauzidwa ndi womasulira, amene mwina anali ndi mbali yake pa nkhani ya ufumuwo.

Safunsa anadya phula. Chilichonse chimene mwapeza papepala, kachiyeseni kwa anthu. Chilichonse chimene mwamva kwa anthu, kachiyeseni kwa munthu wachiwiri amene sanali pomwepo pamene woyambayo amalankhula. Okalamba sasunga madeti, koma amasunga zochitika, ndipo zochitikazo zili ndi zaka zodziwika: nkhondo ya Chilembwe mu 1915, fuluwenza ya 1918 ndi 1919, njala ya 1949, kumangidwa kwa atsogoleri a chipani cha Congress mu Malichi 1959. Agogo akakuuzani kuti pa njala ya 1949 mayi awo anali ndi mwana wachiwiri kumsana, mwapeza poyambira polimba kuposa deti lililonse la pa webusaiti. Lembani kuti "cha m'ma 1925" ndipo musachite nazo manyazi. Pambali pa mfundo iliyonse lembani amene wakuuzani, mudzi wake, ndi tsiku limene mwacheza naye, kuti wodzabwera pambuyo panu adzathe kusiyanitsa zimene munaona ndi zimene munangomva.

Ndalama imene mumati mulipire pa webusaiti ija thirani mafuta m'galimoto. Pitani kwa atsibweni ndi azakhali, mukhale nawo pamphasa, mutsegule chojambulira mawu cha pa foni yanu, ndipo muyambe ndi kuchikazi: amayi awo anali yani, mfunda wawo unali uti, anachokera mudzi uti, anaikidwa manda ati, ndani anapita ku Joni osabwerako. Mwana amene anabadwa chaka cha njala ya 1949 wakwanitsa kale zaka 75, ndipo amene anaona njalayo ndi maso ali ozindikira atsala owerengeka. Musadikire tchuthi cha Khirisimasi, pitani mwezi uno.